Hatchi M'khitchini mwa Abiti Idi

Tiyi wam'mawa ankamwera pakhonde onse atatu, misana itatsamira khoma. Chiperoni chinali chitagona paphiri la Zomba osafuna kudzuka, ndipo mitengo ya paini ya kuseri kwa nyumba inkangooneka mbuu, ngati anthu oima pamaliro. Asiyatu, amene pamudzipo ankamutchula kuti Abiti Idi, ankasenda mbatata yophika n'kumaika m'mbale ya amuna ake. Che Stambuli sankaigwira mbatatayo. Anangofumbata kapu ndi manja awiri, uku akutsokomola chifuwa chawo chouma chija. Mwana wawo Shafik, amene ankayendetsa galimoto ku Chirunga, anali atakwera phiri dzulo lake n'kugona konko, ndipo aliyense ankadziwa kuti sanakwerere tiyi.

Kukhola kunamveka kugunda pansi. Anali Rosebell.

Hatchi imeneyi Che Stambuli anachita kupatsidwa ndi dona wina wachizungu amene kale ankaweta mahatchi okwerapo alendo paphiripo. Anamugwirira ntchito kuyambira unyamata mpaka imvi, kupesa mahatchi, kumanga zishalo, ndi kutsogolera alendo m'tinjira ta m'nkhalango. Tsiku limene donayo ankalongedza kubwerera kwawo, mahatchi onse anapeza ogula kupatula Rosebell, poti anali atayamba kale kukalamba. Dona anangowaika chingwe m'manja Che Stambuli. Kuyambira tsiku limenelo Asiyatu ankauza aliyense kuti amubweretsera mkazi mnzake pakhomo. Madeya abwino ankapita kwa Rosebell. Moni woyamba wam'mawa unkapita kwa Rosebell.

Tsopano mkazi mnzakeyo ankadwala. Chigwere mvula yoyamba, mwendo wakumbuyo unatuluka zilonda chakumunsi, pamwamba penipeni pa chiboda. Zinayamba ngati tinkhanambo tobisala mu ubweya. Kenaka khungu linang'aluka n'kumachucha madzi achikasu, mwendo n'kutupa ngati munsi. Che Stambuli anathirapo phulusa. Anapakapo oyilo wakuda wa galimoto. Anatsukira mankhwala ofiirira amene anapereka mlangizi wa ziweto. Zilonda zinkati zikauma mbali ino, mawa zaphulika mbali inayo. Mvula inatha, chisanu chinalowa, mwendo uli chomwecho.

Palibe akanati Che Stambuli anachita ulesi. Mudzi wonse unkawaona: nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, ikakwana ankatsikira kumtsinje kukatawaza, birika kudzanja lino, chingwe kudzanja linalo, Rosebell akutsimphina pambuyo. Akatha kusambitsa manja, nkhope ndi mapazi awo, ankaimika hatchi m'madzi n'kuitsuka mwendo mpaka zala zawo zitachita dzanzi.

"Ababa," anayamba Shafik, maso ali m'kapu, "ndalankhula nawo a Stafford aja. Mawa m'mawa abwera ndi lole."

Che Stambuli anapemerera tiyi amene anali atazizira kale.

"Ali ndi famu ku Thondwe. Kumeneko kulibe matope ngati kuno. Akapumako."

"Ndamva."

"Mwamva, kapena mwavomera?"

"Ndati ndamva, mwanawe. Abwere."

Mpeni unaima m'manja mwa Asiyatu. Amuna ake omwewa, amene ankatha mwezi osamupatsa moni munthu woti wanyoza hatchi yawo, lero angoti abwere?

"Ndiye kuti mkazi mnzanga akusamuka?" anatero. "Mukanandiuza dzana, bwenzi nditamukazingira mtedza wapaulendo."

Palibe anaseka. Che Stambuli anaika kapu pansi n'kulunjika kukhola.

Linali tsiku lake Asiyatu lotsika ndi mbatatesi kumsika, choncho ananyamukira limodzi ndi Shafik. Kanjira kotsetsereka kaja kanali koterera. Shafik ankatsogola, nsapato zake zakuntchito zili m'jumbo, amayi ake akutsatira ndi dengu pamutu, zala zakumapazi zikugwira dothi mozolowera. Atafika pamwala pamene anthu amatulira katundu, tauni inayamba kuoneka pansi pa nkhungu, madenga ofiira ndi mzikiti woyera.

"Famu ya a Stafford imeneyi," anafunsa Asiyatu, "amalimako chiyani?"

"Zosiyanasiyana."

"Fodya?"

"Amayi, tiyeni tizipita, ndichedwa."

"Shafik, ndinakubereka ndine. Ukamanama umakanda khutu. Wayamba kulikanda tili pakhonde."

Mnyamatayo anatsitsa dzanja. Anayang'ana kutali, cha ku Chilwa.

"Amaweta agalu," anatero. "Agalu olondera m'masitolo ndi m'nyumba za mabwana. Amafuna nyama."

"Asitaghafirula!"

"Akaiwombera bwinobwino, siyikamva kanthu. Amayi, inu mumagona nawo nyumba imodzi. Chifuwa chija simukuchimva? Munthu wamkulu chonchija kumaima m'madzi oundana kusanache, chifukwa cha chilombo choti sichichira? Mukufuna tsiku lina ndidzakwere phiri lino nditanyamula sanda ya maliro? Hatchi ikachoka, ababa achoka m'madzi. Basi."

Asiyatu anaona kuti mwanayo sankanama tsopano. Anasenza dengu lake. Njira yonse yotsala mumtima mwake munali phokoso. Hatchi ija sanaikondepo ndi tsiku limodzi lomwe. Inamudyera mpiru wa m'dimba, inamuswera mtsuko. Koma ankawadziwa amuna amene anasiya ntchito n'kutsala opanda chodzukira m'mawa: amakhala pakhonde, amakhala pakhonde, kenaka mumangomva kuti awatembenuzira ku Kibula m'manda. Ndiponso mkazi mnzako ukhoza kumuda, ukhoza kumujeda pachitsime, koma sungamupereke kwa agalu.

Mbatatesi anangozikhuthulira mayi wina wopikulitsa, osachita naye makani ngati masiku onse. Anatulutsa botolo lopanda kanthu limene anamanga pansonga ya chitenje, n'kulowera kuseri kwa msika, kukasitolo ka mankhwala a ziweto. Mmenemo ndi mmene ankapezeka Joanna, mlangizi wa ziweto uja, mtsikana wochepa thupi wovala magalasi, amene anakwerapo phiri kamodzi pa njinga yamoto kudzaona mwendowo. Asiyatu sanadikire kupatsidwa mpando.

"Mankhwala anu aja ndi madzi a tiyi," anatero, n'kuligunditsa botolo patebulo.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ine ndaswera. Hatchi ndiye siinaswere."

Joanna ananyamula botolo n'kuliyang'ana cha kuwindo. "Lonseli latha? Limeneli likanakwanira ng'ombe za mudzi wathunthu."

"Latha chifukwa amuna anga si aulesi. Munati pakhale paukhondo. Amatsuka kasanu patsiku."

"Kangati?"

"Kasanu. Swala iliyonse. Iwo akatawaza, nayonso imatawaza. Kusanache ali kale mumtsinje."

"Mumtsinje?" Joanna anavula magalasi. "Nanga akatsuka, amapukuta ndi chiyani?"

"Kupukuta? Hatchi yasanduka khanda?"

"Ikachoka kumtsinjeko imakagona pati?"

"M'khola mwake. Denga linabooka, koma nanga hatchi imaopa mvula?"

Joanna anakoka mpando n'kuwakhazika amayiwo mochita kuwagwira mapewa. Iye anakhala pathumba la chakudya cha nkhuku.

"Amayi, nthenda imeneyi ndiwo zake ndi madzi. Khungu likamakhala lonyowa limafewa, limang'ambika, tizilombo n'kulowa kukamanga mudzi pansi pa nkhanambo. Tsiku lija ndinanena mawu awiri: paukhondo, ndi pouma. Abambo anatola amodzi."

"Enawo anagwera m'matope," anatero Asiyatu pang'onopang'ono. Anayang'ana mapazi ake. Chaka chilichonse nthawi yadzinja linyetsu linkamudya pakati pa zala chifukwa choponda madzi, ndipo ankadziwa yekha kuti mankhwala ake n'kuumika mapazi pamoto. Miyezi yonseyi ankawaona amuna ake akutsika ndi chingwe, iye n'kumangoti ndi chikondi chopitirira. Sanaganizepo.

Joanna anafotokoza mosathamanga, akubwereza. Amete ubweya wonse wozungulira zilonda. Atsuke ndi madzi ofunda othira mankhwala, kamodzi kokha, kenaka padutse masiku angapo. Nkhanambo zikafewa achotse zokhazo zimene zikulola, osakanganula ndi mphamvu. Apukute ndi nsalu yoyera mpaka pauma ngati ufa wapamphasa, nsaluyo osaibwereza asanaichape. Apake mafuta oyera, awa ali m'kachitiniwa. Ndipo iziponda pouma, usana ndi usiku. Kutupa kukakwera kupitirira bondo, kapena ikasiya kudya, amuimbire abwere ndi jakisoni.

"Ichira liti?"

"Si za mawa ayi, amayi. Imatenga masabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Lole ikubwera mawa. Akufuna akaidyetse agalu."

Joanna anaika botolo latsopano ndi kachitini patebulo. Anavalanso magalasi ake. "Pamenepo ndiye ndilibe mankhwala ake."

"Amenewo ndili nawo ine," anatero Asiyatu, akumanga botolo latsopano ndi kachitini pansonga ya chitenje.

Pokwera sanapume pamwala paja. Anapatukira kwa anyamata ocheka matabwa m'mphepete mwa nkhalango, n'kuwapempha utuchi wouma wa pansi pa lona lawo. Anadzaza dengu, anadzazanso thumba.

"Abiti Idi, mwayamba nkhuku zachizungu kodi?" anafunsa mmodzi ali pamwamba pa chipika.

"Ndikukamuyalira mkazi mnzanga."

Anyamatawo anaseka mpaka sowo inaima.

Pakhomo ponse malo ouma enieni anali amodzi. Khitchini yake inali yomangidwa ndi makungwa a paini otsala pocheka matabwa, denga lake la malata osadontha, pansi pake polimba ngati mbale chifukwa cha moto wa zaka ndi zaka. Asiyatu anaima pakhomo pake kanthawi. M'menemo anaphikiramo phala la ana ake onse. M'menemo ankathawiramo akakangana ndi amuna ake, podziwa kuti samutsatiramo. Anatulutsa mapoto. Anatulutsa mtondo, lichero, zipande, nkhuni. Anazula mafuwa atatu aja n'kuwagubuduzira pakhonde la nyumba. Khomo linali laling'ono, loti munthu amalowa chowerama, ndiye anatenga nkhwangwa n'kuyamba kukanganula makungwa a mbali ya kum'mawa, kumene mphepo siiwombera. Misomali inkalira. Anasesa phulusa lonse, n'kumwaza utuchi mpaka phazi kumamira.

Anatembenuka n'kupeza Che Stambuli ataima pabwalo, birika kudzanja lino, chingwe kudzanja linalo, Rosebell ali pambuyo, mwendo uli matope okhaokha. Maso awo anali pa mafuwa.

"Abiti Idi, banja latha kodi?"

"Banja lilipo. Ndipatseni chingwecho."

"Nthawi ya alasiri ikutha."

"Pitani mukaswali. Uyu sakupita."

Anagwira chingwe pakati. Che Stambuli anakoka pang'ono, iye osasiya. Zaka zonse za ukwati wawo anali asanawalandepo chinthu m'manja.

"Mkazi iwe, siya. Lero ndi tsiku lake lomaliza. Ndilole ndimutsuke, apite ali woyera."

"Apite kuti?"

"Ukuyesa ndine mwana? Agalu a Stafford amamveka Zomba yense akamauwa."

"Mukudziwa? Ndiye mwavomereranji?"

Che Stambuli anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya analankhula motsitsa, osamuyang'ana. "Chifukwa ndalephera. Kwa dona kuja makola anali a simenti, zilonda ankaziona yekha ndi mabotolo ake, ine yanga inali bulashi. Anandisiyira hatchi imodzi yokha, imodzi, ndipo ikuwola ndikuona. Sindinadumphitse ndi swala imodzi yomwe osaitsuka. Manja awa atha ntchito. Kuli bwino imfa yachangu kusiyana n'kumawola uli moyo."

"Manja anu alibe mlandu. Madzi anuwo ndi amene akumudya."

"Wati chiyani?"

"Madzi. Ndachokera kwa mtsikana wa ziweto uja. Akuti nthendayi imanenepa ndi chinyezi. Mukamatsuka kasanu mukuidyetsa kasanu."

Nkhope ya Che Stambuli inauma. "Madzi amene timayeretsera nkhope pokaima pamaso pa Mulungu? Amenewo adye chilonda? Kamtsikana ka magalasi kakuuza zimenezo, iwe n'kugwetsa khitchini? Ukhondo ndi theka la chikhulupiriro, unaphunzira kumadrasa iwe."

"Ndinaphunzira. Ndinaphunziranso zina." Asiyatu anakulunga chingwe padzanja. "Mukuwakumbukira ababa anga, Che Idi, chaka chimene miyendo yawo inatuluka zilonda? Ankalira akathira madzi, koma osafuna kusiya swala. Shehe anaitanitsa chiyani? Munalipo inu, munali mkamwini watsopano, munakatapa ndinu."

Che Stambuli anayang'ana kumbali.

"Anaitanitsa chiyani?" anabwereza Asiyatu.

"Dothi," anatero. "Dothi louma, m'mbale."

"Tayamamu. Anati madzi akamamupweteka munthu, amenye manja padothi louma, apake, aswali, Mulungu alandira. Mwini madzi anavomera yekha kuti nthawi zina madzi amavulaza. Ndiye inu, Che Stambuli, ndinu okhwima malamulo kuposa Mulungu? Pa hatchi?"

Mvula yamawawa inkagwera pa malata mwakachetechete. Rosebell anatukula mwendo wodwalawo, n'kuutsitsanso mosamala.

"Pakamwa pakopo," anatero Che Stambuli, "padzakulowetsa kumoto."

"Kumeneko n'kouma. Siyani chingwe."

Zala zawo zinamasuka chimodzichimodzi.

Ataswali, anagwira ntchitoyo awiri kusanade. Rosebell anayamba wakana kulowa, akununkhiza utsi wakale wa m'makoma, mpaka Che Stambuli anachita kumunong'oneza m'khutu mawu achizungu aja amene ankawasungira iye yekha. Asiyatu anatereka madzi pa mafuwa pakhonde, n'kuwayesa ndi chigongono monga amachitira madzi a khanda. Anatenga sizasi yake yodulira nsalu. Amuna ake ananyamula mwendo n'kuutsamiritsa pabondo pawo, iye n'kugwada mu utuchi.

Chapafupi chilondacho chinkanunkha. Ubweya unali utamatirira m'mafinya, ndipo sizasi itangokhudza, hatchi inatakasa mwendo, pang'ono kumugwetsa chagada.

"Iwe! Ndakupatsa nyumba yanga, ukufuna undichotsenso mano? Ima bwino, mkazi mnzanga wopanda ulemu."

"Lankhula nayo mofatsa."

"Mofatsa muzilankhula nayo inu, ndi mkazi wanu."

Anameta pang'onopang'ono mpaka khungu lonse lodwala linaonekera, lofiira, long'alukang'aluka. Anaviika kansalu m'madzi ofunda a mankhwala n'kukakulunga pamenepo, n'kudikira. Nkhanambo zina zinayamba kusendeka zokha ngati khungu la mbatata yophika. Zimenezo anachotsa. Zina zinakakamira, ndipo Che Stambuli atatambasula chikhadabo, iye anawamenya padzanja.

"Zokana zisiyeni. Tsiku lake lidzakwana."

Zopukutira anakatenga m'sutikesi: zitenje za zipani zimene ankalandira nthawi ya kampeni, chachikasu, chabuluu, chobiriwira, zonse zatsopano, poti chipani chilichonse chikafika pabwalo la sukulu iye ankapita kukavina n'kulandira. Anang'amba chachikasu pakati. Anapukuta modinikiza, osakhula, n'kusintha nsalu, n'kupukutanso, nkhope za anthu opempha mavoti zikulowa m'mphako za chiboda. Atakhutira anaika tsaya lake pafupi ndi mwendo kuti amve ngati patsala chinyezi. Kenaka anapaka mafuta oyera aja.

Madzulo amenewo anaphikira pakhonde, utsi ukuwalowa m'maso onse awiri. Nthawi ya magharibi Che Stambuli ananyamula birika n'kuyang'ana njira ya kumtsinje. Asiyatu anaimirira. Anangotenga birikayo m'manja mwawo n'kuthiramo madzi otsala pamoto.

M'mawa mwake lole inamveka ikubuula pamsewu wa nkhalango, n'kuima pamene msewu umathera. Patapita kanthawi anatulukira Shafik, pambuyo pake pali bambo wamtali, wonenepa, wovala jombo, chingwe chachikulu chili paphewa. Anapita molunjika kukhola. Anapeza matope ndi ndowe.

Asiyatu anali atakhala pansi pakhomo latsopano la khitchini, lichero la nyemba pamiyendo, miyendoyo ataitambasula kuchokera mbali ino ya khomo kufika mbali inayo. Pamwamba pa mutu wake panatulukira mutu wa Rosebell, akutafuna.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Moni kaye, Shafik. Alendo ako sunawaphunzitse moni?"

Bamboyo anavula chipewa. "Mwadzuka bwanji, mayi? Ndine Stafford. Tabwera kudzatenga katundu uja."

"Ndadzuka, bambo, kaya inu. Katundu wa m'khola tengani yense. Muli manyowa abwino, akakuthandizani ku famu kwanu kuja." Anatola kamwala m'nyemba n'kukataya. "Mumalima chiyani paja?"

A Stafford anayang'ana Shafik. Shafik anayang'ana bambo ake, amene anali atakhala pakhonde ndi tasibihi m'manja.

"Ababa, munavomera dzulo pamaso panga."

"Ndinavomera," anatero Che Stambuli.

"Anavomera za m'khola," anatero Asiyatu. "Khola ndi lawo, anamanga okha, n'chifukwa chake likudontha. Khitchini ndi yanga. Bambo akowa pamudzi pano anabwera ndi kachikwama kamodzi kudzakwatira. Dothi ili ndi la amayi anga, ndi la amayi awo. Chimene chili m'khitchini mwanga, kaya ndi chipande, kaya ndi hatchi, chimatuluka ndikanena ine."

"Amayi, musandichititse manyazi. Anthu awa achokera kutali."

"Ndiye lowa. Si iyi hatchi? Dumpha miyendo ya mayi ako, ulowe ukaitenge."

Shafik anasuntha phazi limodzi. Anayang'ana miyendo ija, yowonda, yokhala ndi mitsempha ya phiri, ming'alu ku zidendene. Azimayi awiri amene ankapita kotunga madzi anali ataima kumpanda, ndowa zili m'manja. Phazi lija linabwerera pamalo pake.

A Stafford anaseka chamumtima, akuvala chipewa. "Achimwene, munandiuza kuti nkhani inatha. Ine ndalowapo m'makola a nkhumba zolusa, koma m'khitchini mwa mayi wa mwini sindilowamo. Nanenso ndili ndi mayi ku Jali." Anakonza chingwe paphewa. "Tsalani bwino, mayi. Mumange bwino khomalo, mphepo ingalowe."

Atapita, Shafik anatsala chiimire pakati pa bwalo, akupuma ngati wathamanga.

"Mwapambana," anatero. "Ndiye ababa akagwa mumtsinje muja ndi chibayo, mudzandiitane ine kapena hatchi?"

"Mtsinje watsekedwa."

"Watsekedwa ndi ndani?"

"Ndi ine. Kwa onse awiri. Uyu aziponda utuchi, awo azitawaza madzi ofunda pakhonde. Funsa ngati dzulo madzulo kapena lero kum'bandakucha anaponda kumeneko."

Shafik anatembenukira kwa bambo ake. Che Stambuli anasuntha mkanda umodzi wa tasibihi. "Boma lasintha pakhomo pano," anatero. "Ife ndife otsutsa."

Asiyatu anapinda mwendo umodzi. "Bwera udzaone. Ndakuloleza."

Mnyamatayo analowa chammbali n'kunjuta. Mwendo unali wotupabe, wometedwa moseketsa, woyera ndi mafuta. Ming'alu inalipo yonse. Koma pansi pa chiboda utuchi unali wouma, ndipo madzi achikasu aja sanatsike usiku umenewo.

"Sichinachire," anatero.

"Ndani wati chachira? Chinatenga dzinja lonse kulowa, chituluka usiku umodzi?"

"Nanga chikakana?"

"Udzakwere ndi Joanna ndi jakisoni wake. Osati ndi agalu." Anapeta nyemba kawiri. "Ndipo Loweruka ukamabwera udzere kwa ocheka matabwa, unditengere thumba la utuchi. Ugulenso mankhwala a chifuwa a bambo ako. Mapewa uli nawo, ndinakupatsa ndine."

Shafik anaima, akusasa utuchi pa thalauza. Rosebell anatambasula khosi n'kumununkhiza m'thumba la shati. Anaukankha mutuwo, koma osati mwamphamvu.

"Ndiye muziphikira pati?"

"Pakhonde. Bambo ako aziona mmene utsi umawawira."

Shafik anamwa tiyi asanatsike, ataimirira, ndipo ponyamuka anatenga thumba lopanda kanthu lija osauzidwa kachiwiri.

Dzuwa litafika pamutu, penapake kuseri kwa nkhungu, nthawi ya swala ya masana inakwana. Asiyatu anaphula ketulo, anasakaniza ndi madzi ozizira, n'kuthira m'birika. Che Stambuli anakhala m'mphepete mwa khonde n'kupinda mikono ya mkanjo. Anasamba manja, anachukucha m'kamwa, anasambitsa nkhope, mpweya wofunda ukukwera m'ndevu zawo. Kukhitchini Rosebell anamva kulira kwa birika ndipo anafwenthera, akudikira chingwe.

"Khala pomwepo iwe," anatero Asiyatu.

Che Stambuli anamalizira ndi mapazi, n'kufuna kuponda m'patapata ali chinyowere. Asiyatu anawaponyera chitenje chabuluu chija pamiyendo.

"Pukutani. Ndi pakati pa zala pomwe."

Anamuyang'ana mkazi wawo, anayang'ana chitenje. Kenaka anawerama n'kuyamba ndi chala chaching'ono.